Ndalama ya chikwama ndi mafuta amene ndege imawotcha isananyamuke

Ndege ya Airbus A320 ikamakwawa kuchoka pamene mwakwerera kupita kumsewu wothamangirapo, injini zake ziwiri zimamwa mafuta okwana makilogalamu 10 mpaka 12 pa mphindi iliyonse. Sinauluke, matayala adakali pansi, koma mafuta akupsa. Pabwalo lotanganidwa ngati la JFK ku New York, kumene si zachilendo kukhala pamzere kwa theka la ola, ndege yotereyi imatha kuwotcha makilogalamu oposa 300 isanadzuke n'komwe. N'chifukwa chake makampani a ndege akhala akusinkhasinkha njira zochepetsera mafuta a pansiwa. Pa zaka zomwezi makampaniwa aphunziranso kulipiritsa wokwera pa chilichonse: chikwama, mpando wa pawindo, chakudya, ngakhale kulowa m'ndege anzako asanalowe. Anthu ambiri amalumikiza nkhani ziwirizi n'kumati timalipira chikwama chifukwa mafuta ndi odula. Eni ndege satsutsa zimenezi chifukwa zimawakomera. Koma mukawerengetsa bwino, masamu ake akunena zina.

Tiyambire mu 2008. Chaka chimenecho mafuta osayenga anakwera mpaka kufika madola 147 pa mgolo umodzi m'mwezi wa Julaye, ndipo makampani a ndege a ku America anaona zakuda. Mu Meyi, American Airlines inalengeza kuti wofuna kuika chikwama m'mimba mwa ndege azilipira madola 15 pa chikwama choyamba, chimene kuyambira kalekale chinali mbali ya tikiti. United ndi US Airways anatsatira pasanathe mwezi, Delta n'kubwera chakumapeto kwa chakacho. Ku Ulaya, Ryanair ya ku Ireland inali itayamba kale zimenezi mu 2006. Makampani a ku America aja ankaloza chala mafuta.

Pofika Disembala 2008 mgolo uja unali utatsika kufika pansi pa madola 40. Ndalama ya chikwama sinatsike nawo. Inakwera kufika madola 25, kenako 30 mu 2018, ndipo mu 2024 American Airlines inaika madola 35 kwa wolipiriratu pa intaneti ndi 40 kwa wolipira pabwalo. Mu 2023 makampani a ku America anatolera madola oposa 7 biliyoni pa zikwama zokha. Ngakhale Southwest, imene kwa zaka zambiri inkadzitama kuti kwa iyo zikwama ziwiri zimauluka ulere, inagonja mu Meyi 2025.

Kodi chikwama chimodzi chimawotchetsa mafuta ochuluka bwanji? Pali mlingo umene okonza maulendo a ndege amagwiritsa ntchito poyerekeza: kulemera kulikonse kowonjezera kumadya mafuta okwana pafupifupi 3 peresenti ya kulemerako pa ola lililonse la m'mwamba. Chikwama cha makilogalamu 23 pa ulendo wa maola awiri, monga wochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, chimawonjezera mafuta osakwana kilogalamu imodzi ndi theka. Kilogalamu ya mafuta a ndege, amene ndi mtundu wa palafini woyengedwa bwino, nthawi zambiri imagulidwa pa mtengo wozungulira dola imodzi kapena kucheperapo. Ndiye kuti mafuta a chikwama chanu ndi a dola imodzi ndi kachidutswa, pomwe inu mwalipira madola 35. Zoona, pali anthu onyamula, malamba oyendetsa zikwama, makina ozifufuza ndi chipukuta misozi chikwama chikasowa. Zonsezi ndi ndalama. Koma mafuta si mwini nkhani.

Chimene chinachititsa kuti ndalamazi zikhazikike n'chakuti anthu tinasintha kagulidwe ka matikiti. Masiku ano munthu amatsegula foni, n'kulemba kochokera ndi kopita, ndipo mitengo imabwera itandandalikidwa kuyambira wotsika kwambiri. Ambiri timadina wa pamwambawo. Kampani imene yaphatikiza chikwama m'tikiti imaoneka yodula n'kugwera pansi pa mndandanda, pomwe imene yachichotsa imakhala pamwamba ngakhale pamapeto pake mulipira zofanana. Zili ngati kondakitala wa minibasi amene wakuuzani mtengo wabwino pasiteji, mwakhala kale pampando, kenako akuti thumba lanu la chimanga nalonso lili ndi mtengo wake.

Ku America kuli chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Boma limadula msonkho wa 7.5 peresenti pa tikiti ya ulendo wa m'dziko momwemo, koma msonkhowu sukhudza ndalama ya chikwama. Dola iliyonse imene kampani yaichotsa pa tikiti n'kuiika pa chikwama yathawa msonkho. Kwa makampani otchipa ngati Ryanair palinso nkhani ya nthawi: amafuna ndege itere, itsitse anthu, ikweze ena ndi kunyamukanso m'mphindi 25. Zikwama zikachepa m'mimba mwa ndege, zimenezi zimatheka. Kwa iwo ndalama ya chikwama ndi njira yokuuzani kuti musabwere nacho.

Anthu nawo si opusa. Atauzidwa kuti kuika chikwama pansi n'kolipira, anayamba kulowa nazo m'kati, mashelefu a pamwamba pa mipando n'kudzaza, kukwera ndege n'kuyamba kuchedwa. Spirit Airlines inayankha mu 2010 polipiritsa ngakhale chikwama cha m'manja choika pashelefu. Ku Ulaya nkhaniyi inafika kuboma: mu Novembala 2024 dziko la Spain linalipiritsa Ryanair, Vueling, easyJet, Norwegian ndi Volotea chindapusa cha mayuro 179 miliyoni onse pamodzi, mwa zina chifukwa cholipiritsa zikwama za m'manja. Makampaniwo anakana mlandu n'kukadandaula kukhoti.

Mukatenga lisiti ya tikiti yanu n'kuiyang'anitsitsa, mupeza kuti mtengo wagawidwa patatu. Pali mtengo weniweni wa ulendo. Pali misonkho ya boma ndi ndalama za bwalo, zimene kampani imangotolera n'kupereka kwa eni ake, monga msonkho wa Air Passenger Duty umene anthu ambiri onyamuka ku Britain akhala akulipira kuyambira 1994. Ndiyeno pali mzere wolembedwa YQ kapena YR. Umenewu umakhala pakati pa misonkho, umaoneka ngati msonkho, koma si msonkho. Ndi ndalama ya kampani yomweyo. Poyamba ankati ndi yowonjezera chifukwa cha kukwera kwa mafuta, ndipo mafuta atatsika ambiri anangosintha dzina lake. Ubwino wake kwa kampani ndi wakuti kuchotsera kumene amalonjeza makasitomala akuluakulu, ndi gawo la ogulitsa matikiti kumene likadalipo, nthawi zambiri zimawerengedwa pa mtengo weniweni wokha, ndipo munthu wotenga tikiti ya ulere ndi mapointi ake kawirikawiri amalipirabe YQ. Pa ndalama zonse za pa tikiti, iyi ndiyo ndimaiona kuti ndi yachinyengo kwambiri, chifukwa ya chikwama mungathe kuipewa ponyamula zochepa, koma iyi simungaizembe.

Tsopano tibwerere pansi paja, pamene ndege ikukwawa.

Matayala a ndege alibe chowazunguza. Palibe giya, palibe shafiti yochokera ku injini monga pa galimoto. Amangogudubuzika, ndipo chimene chimakankha ndege pansi ndi mphepo yomweyo yotuluka kumbuyo kwa injini. Koma injini imeneyi inapangidwira kugwira ntchito pamtunda wa makilomita 10 kapena 12 m'mwamba, pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola. Kuigwiritsa ntchito poyendetsa ndege pa makilomita 30 pa ola n'kuwononga. Choseketsa n'chakuti pa ndege zambiri zamakono, ikakhala yopepuka, injini ziwiri zongolira popanda kuwonjezera moto zimakankha kale mopitirira muyeso, moti woyendetsa amangokhalira kuponda mabuleki. Mafuta akupsa kuti akankhe, mabuleki akutha ndi kutentha kuti aletse. Ndege ilibenso giya yobwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake mumaona kathirakitala kakuikankha kuichotsa pageti.

Njira imene yafala kwambiri, chifukwa siifuna kugula chipangizo chilichonse, ndi kuyenda ndi injini imodzi. Ndege ikatera n'kupatuka pamsewu waukulu, oyendetsa amadikira mphindi ngati zitatu kuti injini zizizire, chifukwa chitsulo chotentha kwambiri chikazimitsidwa mwadzidzidzi chimawonongeka msanga, kenako amazimitsa imodzi n'kumalizira ulendo wa kugeti ndi inayo. Ndege za injini zinayi monga A380 zimatha kuzimitsa imodzi kapena ziwiri. Mukakhala pa ndege ya mapulopela mumatha kuziona ndi maso: pulopela ya mbali imodzi yaima, ndege ikuyendabe.

Ponyamuka nkhani imavutirapo. Ndege imachoka pageti ndi injini imodzi, yachiwiri n'kuilizira panjira, koma iyenera kulira kwa mphindi ziwiri mpaka zisanu, malinga ndi mtundu wake komanso nthawi imene yakhala chizimire, isanapatsidwe mphamvu zonse zonyamukira. Woyendetsa ayenera kuyerekeza kuti mzere uyenda bwanji. Akailiza mochedwa, afika kutsogolo kwa mzere injini isanatenthe, n'kutsekereza anzake. Ngati injiniyo ili ndi vuto, alidziwa ali kutali ndi amakaniko, ndipo palibe munthu wapansi woima pafupi woti aone ngati patuluka moto. Zonsezi zikuchitika pamene oyendetsa awiriwo akumvetsera wailesi ya oyang'anira ndege, kuwerenga zikwangwani za misewu ndi kutsatira mndandanda wa zoyenera kuona asananyamuke. Si zodabwitsa kuti oyendetsa ambiri amavomera mosavuta injini imodzi potera koma amanyinyirika ponyamuka.

Pali nthawi zimene sizichitika n'komwe. Ndege ikalemedwa kwambiri, injini imodzi imafunika moto wambiri kuti iyambe kusuntha, ndipo mphepo yake imatha kugwetsa ngolo za zikwama, masitepe ngakhale anthu amene ali kumbuyo. Msewu ukakhala woterera ndi mvula kapena chipale, ukakhala wachitunda, kapena pakakhala kona yothina yokhotera mbali ya injini imene ikulirayo, malamulo a makampani ambiri amati lizani zonse.

Amene anakwerapo A320 n'kukhala chapakati, pafupi ndi mapiko, mwina anamvapo phokoso lochokera pansi pa mipando lomveka ngati galu akuuwa, nthawi zambiri injini imodzi italira inayo ikungoyamba, kapena ndege itangofika pageti. Ena amagwira mpando poganiza kuti china chake chathyoka. Ndi kachipangizo kotchedwa PTU. Ndegeyi ili ndi mapaipi a mafuta opanikizidwa amene amayendetsa mabuleki, matayala ndi zopindika za pamapiko, ndipo injini iliyonse imapopa mbali yake. Mbali imodzi ikachepa mphamvu, PTU imabwereka mphamvu kumbali inayo, ndipo kuyaka ndi kuzima kwakeko ndiye kuuwa kuja. Poyenda ndi injini imodzi oyendetsa amayatsa pampu ya magetsi kuti isamangolira njira yonse.

Kumchira kwa ndege kuli kainjini kena kakang'ono kotchedwa APU, kamene kamapereka magetsi ndi mphepo yoziziritsa m'kati injini zikuluzikulu zikazima, komanso mphepo yolizira injinizo. Pa A320 kamadya makilogalamu ngati awiri pa mphindi. Nthawi zambiri kamayenera kukhala koyaka pamene ndege ikutuluka ndi injini imodzi, choncho phindu silifika theka monga munthu angaganizire. Ndipo pageti kamatha kulira ola lathunthu. Mabwalo amene ali ndi mawaya opatsira ndege magetsi ndi mapaipi a mphepo yozizira amapulumutsa mafuta ambiri pamenepa, ndipo ena ku Ulaya amachita kuika malire a mphindi zimene APU ingayake.

Apa m'pamene mabwalo amasiyana. Ku Schiphol, ku Amsterdam, msewu wa Polderbaan umene unatsegulidwa mu 2003 uli makilomita ngati asanu kuchokera pokwerera anthu, ndipo ndege imakwawa mphindi 15 kapena 20 kuti ikafikeko. Kumeneko injini imodzi ili ndi phindu lenileni. Pa bwalo la Kamuzu kapena ku Chileka, kuchoka poimika ndege kufika pamsewu ndi mphindi zochepa, ndipo mzere kulibe. Nthawi yotenthetsa injini yachiwiri imadya ulendo wonsewo. Kwathu kuno nkhani ya mafuta a ndege ili pena: dziko lilibe doko, mafuta amachita kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amafika atadula. M'malo otere makampani amatha kumwetsa ndege mafuta ochuluka kumene ndi otchipa kuti asagule ambiri kumene ndi odula, ngakhale kuti kunyamula mafuta owonjezerawo kumawotchetsanso mafuta ena. Amapulumutsa ndalama, osati mafuta.

Ena anaganiza kuti bwanji injini zonse zingokhala chizimire mpaka pamsewu wothamangirapo? Virgin Atlantic inayesa mu 2006 kukoka ndege zake za Boeing 747 ndi thirakitala mpaka pafupi ndi ponyamukira ku London. Zinalekeka chifukwa kukoka ndege yodzaza, kuima ndi kuyambanso, kumapanikiza mwendo wa tayala lakutsogolo ndi kufupikitsa moyo wake. Kampani ya Israel Aerospace Industries, mogwirizana ndi TLD ya ku France, inapanga TaxiBot pofuna kuthana ndi vuto limeneli. Ndi thirakitala imene imanyamula tayala lakutsogolo, koma woyendetsa ndege ndiye amaiwongolera ali m'chipinda chake, ndipo poima amagwiritsa ntchito mabuleki a ndege yomwe kuti mwendo uja usavutike. Lufthansa inaigwiritsa ntchito ku Frankfurt, Air India inayamba nayo ku Delhi mu 2019, ndipo Schiphol inaiyesa mu 2020. Imagwira ntchito, koma ndi yodula, ndipo ikasiya ndege iyenera kupeza njira yobwerera popanda kusokoneza ndege zina. Mabwalo ambiri sanamangidwe ndi misewu yotero.

Njira ina inali yoika mamota a magetsi m'matayala enieniwo, oyendera magetsi a APU. Makampani a Honeywell ndi Safran anaonetsa A320 ikuyenda chonchi, ngakhale chobwerera m'mbuyo, pa chionetsero cha ndege cha ku Paris mu 2013. Mu 2016 anasiya ntchitoyo. Mafuta anali atatchipa, ndipo panali vuto lina losathawika: mamotawo ndi olemera makilogalamu mazana angapo, ndipo ndege iyenera kuuluka nawo ulendo wonse. Zimene mwapulumutsa pansi mumazibweza m'mwamba, pokhapokha ngati maulendo anu ndi afupiafupi komanso mabwalo anu ndi a mizere italiitali. Kampani ya WheelTug yakhala ikulonjeza mota ya m'tayala lakutsogolo kwa zaka zambiri, koma simunaikwerebe.

Pa njira zonsezi, imene ndimaiona yanzeru kwambiri ndi yosaoneka ndi maso. Ngati kumsewu wothamangirapo kuli ndege khumi pamzere, palibe chifukwa chotulutsira ya 11 kuti ikaime kumbuyo kwawo injini zikulira. Isiyeni pageti, injini zili zii, mpaka nthawi yake itayandikira. Mabwalo akuluakulu a ku Ulaya amachita zimenezi kudzera m'dongosolo lotchedwa A-CDM, limene bwalo la Munich linali loyamba kulikhazikitsa mokwanira mu 2007. Bwalo, kampani ya ndege, onyamula katundu ndi oyang'anira ndege amagawana nthawi zawo pa kompyuta, ndipo ndege iliyonse imapatsidwa mphindi yake yolizira injini. Wokwera amadandaula kuti zitseko zatsekedwa koma sitikusuntha, osadziwa kuti akanadikirabe mphindi zomwezo kutsogoloko. Vuto lake n'lakuti makampani amakonda kuoneka kuti anyamuka pa nthawi yake, ndipo kunyamuka kumawerengedwa ndege ikachoka pageti, osati ikadzuka. Komanso geti limafunidwa ndi ndege ina imene yangotera.

Mafuta a pansiwa amawerengedwa padera ndege isananyamuke, pamwamba pa a ulendo, a zogwa mwadzidzidzi, a kubwalo lina ngati kutera kwakanika, ndi otsiriza a mphindi 30 amene lamulo silifuna kuti akhudzidwe. Mzere ukatalika kuposa mmene anayembekezera, ndege imatha kubwerera kugeti kukamwanso mafuta isananyamuke n'komwe. Injini imodzi imathandiza kupewa manyazi amenewa.

Tsono tiwerengetse. Tiyerekeze A320 ya mipando 180 imene yayenda mphindi khumi ndi injini imodzi, n'kupulumutsa makilogalamu 4 kapena 5 pa mphindi. Ndi makilogalamu 40 mpaka 50. Mukagawira anthu 180, aliyense wapulumutsa kota ya kilogalamu, ndalama yake masenti 25 a ku America kapena kucheperapo. Palibe kampani imene ingatsitse tikiti chifukwa cha masenti 25, ndipo inu simungazindikire ngakhale itatsitsa. Mtengo wa tikiti umatsata kuchuluka kwa ofuna mpando ndi kuchuluka kwa makampani opikisana panjirayo, osati mafuta a dzulo.

Koma kwa kampani masenti amenewa si ochepa. Ryanair imauluka maulendo oposa 3,000 pa tsiku m'nyengo yotentha. Kampani ya msinkhu umenewo itapulumutsa makilogalamu 45 pa ulendo uliwonse, ndi matani 135 pa tsiku, ndipo kilogalamu iliyonse ya mafuta yosapsa ndi makilogalamu 3.16 a mpweya wa kaboni umene sunapite m'mlengalenga, kuphatikizapo utsi umene antchito a pabwalo sanaupume. Mafuta amadya kota kapena kuposerapo ya ndalama zonse zoyendetsera kampani ya ndege. Bungwe la makampani a ndege la IATA limati mu 2024 phindu la makampani a ndege padziko lonse linali madola 6 kapena 7 pa wokwera mmodzi, ndipo ku Africa linali lozungulira dola imodzi yokha. Pa phindu lopyapyala chonchi, masenti 25 ndi ndalama, ndipo madola 35 a chikwama ndiwo amasiyanitsa ulendo wopindula ndi woluza. Nkhani ziwirizi zimakumanadi, koma zimakumana m'buku la kampani, osati m'thumba la wokwera.

Kwa Amalawi oyenda maulendo akutali, msampha weniweni uli pa matikiti awiri. Munthu amachoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi ndi tikiti yomulola zikwama ziwiri za makilogalamu 23, monga zimakhalira pa maulendo ambiri a ku Ulaya, atadzazamo ufa, usipa ndi nsinjiro za abale. Akafika ku London n'kukwera easyJet kapena Ryanair pa tikiti ina yogula payokha, chilolezo chija chathera pomwepo, ndipo zikwama zonse ziwiri zilipiridwa mwatsopano. N'chimodzimodzi wotsikira pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg n'kukwera FlySafair kupita ku Cape Town pa tikiti yotsikitsitsa mtengo, imene ilibe chikwama cha m'mimba mwa ndege. Pa makampani oterewa mtengo wa chikwama umakhala wotsika mukalipira pogula tikiti, umakwera mukalipira pa kaunta, ndipo chikwama cha m'manja chikakanika kulowa m'kachitsulo koyezera kamene amaika pageti, mumalipira wokwera kuposa yonse, anzanu akudutsa.